Ku Monze mkaka wogona sutayidwa

Msewu waukulu wochoka mu mzinda wa Lusaka kulowera ku Livingstone umawoloka mtsinje wa Kafue, n'kukwera mapiri a Munali, kenaka n'kutsikira m'minda ya nzimbe ya ku Mazabuka. Kuchokera pamenepo dziko limakhala lathyathyathya, mitengo imatalikirana, ndipo chimene chimayamba kuchuluka ndi ng'ombe. Zina zimakoka ngolo, zina zimadya msipu m'mbali mwa njanji, zinanso zimangoima pamsewu mosasamala za galimoto. Munthu akadutsa pa Magoye n'kumayandikira tauni ya Monze, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Lusaka, amayamba kuona zigubu ndi mabotolo a pulasitiki odzaza ndi mkaka atandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Wina mwa mkakawo ndi wokamidwa m'mawa womwewo, koma wambiri ndi wosasa. Anthu a m'chigawo chakummwera kwa Zambia amautcha mabisi, ndipo ku Malawi umadziwika ndi dzina loti chambiko.

Wogula wodziwa mabisi sathamangira kufunsa mtengo. Amayamba wanyamula botolo, n'kulipendeketsa pang'ono, kuti aone m'mene mkakawo ukuyendera. Ngati madzi achikasu aima paokha ndipo mibulu ikuyandama, amalibweza. Ngati mabisiwo akutsetsereka pang'onopang'ono, olimba koma osalala, amatulutsa ndalama. Zimene wogulayu akufuna ndi zomwenso mafakitale akuluakulu a mkaka akhala akuzifunafuna kwa zaka zambiri: chakumwa cha mkaka wosasa chokhala ndi zomanga thupi zochuluka, komanso chokoma pakamwa. Dera la Monze lili ndi phunziro pa nkhaniyi, ndipo phunzirolo n'lakuti mabisi abwino amachita kukonzedwa, sabwera mwangozi.

Dziko la ng'ombe

Eni dera lino ndi Atonga a ku Zambia, omwe ndi osiyana ndi Atonga a ku Nkhata Bay m'dziko la Malawi. Tauni ya Monze idatenga dzina lake kwa Mfumu Monze, yomwe idatchuka pa nkhani yopempha mvula. David Livingstone adacheza ndi mmodzi mwa mafumu a dzinali m'chaka cha 1855, ndipo mwambo wa Lwiindi Gonde, wothokoza chifukwa cha zokolola, umachitika m'mwezi wa Julayi kufupi ndi tauniyi. M'chaka cha 1905 ansembe a Chikatolika adatsegula mishoni ya Chikuni, ndipo bambo Joseph Moreau adaphunzitsa anthu kulima ndi pulawo yokokedwa ndi ng'ombe. Kuyambira nthawi imeneyo ng'ombe idakhala khasu la Mtonga, kuwonjezera pa kukhala chuma cholowolera, chothandizira pa maliro ndiponso chopatsa banja ulemu.

Kalembera wa ziweto wa m'chaka cha 2017 mpaka 2018 adapeza kuti dziko la Zambia linali ndi ng'ombe pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu zinali m'chigawo chakummwerachi. Komabe chuma chimenechi chadutsa m'mavuto. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kudabuka matenda a denkete, ofala kudzera mu nkhupakupa, omwe ndi achibale a chigodola. Matendawa adapululutsa makola ambiri, ndipo mabanja amene kale ankakama tsiku ndi tsiku adayamba kudya nsima popanda mabisi. Makola atayamba kudzazanso, alimi ena adatenga ng'ombe za mtundu wosakaniza zomwe zimatulutsa mkaka wambiri, n'kukhazikitsa makopaletivi monga a ku Magoye ndi ku Monze, kuti azigulitsa mkaka wawo pamodzi ku makampani.

M'mawa pa malo osonkhanitsira mkaka

Malo osonkhanitsira mkaka amadzuka dzuwa lisanakwere. Njinga zakapalasa ndi zamoto zimafika zitamangidwa zigubu, zina zitayenda makilomita ambiri m'njira zafumbi kapena zamatope. Chigubu chilichonse chimayesedwa mkakawo usanathiridwe mu thanki yoziziritsira. Wolandira mkaka amayamba wanunkhiza ndi kuyang'ana. Kenaka amaviika kachipangizo koyandama kotchedwa lactometer, komwe kamaulula ngati mkaka wathiridwa madzi. Mkaka wosasukuluka umawerenga pakati pa 28 ndi 32. Pomaliza amasakaniza mkaka pang'ono ndi mankhwala a spiriti a mphamvu ya 70 pa 100 iliyonse kapena kuyandikira pamenepo. Ukagwirana n'kupanga timibulu, ndiye kuti wayamba kale kusasa, ndipo kampani siingaugule chifukwa ungaundane m'makina owiritsira.

Mkaka umene umakanidwa kawirikawiri ndi wokamidwa madzulo. Mkaka wa ng'ombe umayenera kuziziritsidwa kufika pa madigiri 4 pasanathe maola ochepa chiukamireni, koma midzi yambiri ilibe magetsi, ndipo si mlimi aliyense angapalase njinga kawiri pa tsiku. Vutoli limakula m'nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, pomwe msipu ndi wochuluka, ng'ombe zikutulutsa mkaka wambiri, koma njira zaterera ndipo timitsinje tadzaza. Mkaka wokanidwawo nthawi zambiri umasiyidwa kuti usase n'kugulitsidwa ngati mabisi pa mtengo wotsika. Mabisi otere tsiku lina amakoma, tsiku lina amanunkha kapena kutuluka thovu, popeza palibe amene adasankha tizilombo tomwe tawasasitsa.

Zimene zimachitika m'chipanda

Kuti gulu la alimi likonze mabisi abwino, liyenera kudziwa zomwe zili mu mkaka. Pa magalamu 100 alionse a mkaka wa ng'ombe, pafupifupi magalamu 87 ndi madzi. Otsalawo ndi shuga wa mu mkaka wokwana magalamu osapitirira 5, mafuta okwana magalamu 3.5 mpaka 4 kapena kuposerapo pa ng'ombe za makolo, ndi zomanga thupi, zomwe ena amati mapuloteni, zokwana magalamu 3.3. Mapuloteniwa ali m'magulu awiri. Magawo anayi mwa asanu ndi a mtundu wotchedwa casein, womwe umaundana mkaka ukasasa. Gawo lotsalalo ndi mapuloteni amene amakhalabe osungunuka m'madzi a mkaka.

Mkaka ukathiridwa m'chipanda chomwe Atonga amachitcha insuwa, kapena m'chidebe cha pulasitiki monga ambiri achitira masiku ano, mabakiteriya okhala m'makoma a chiwiyacho amayamba kudya shuga wa mu mkaka n'kumatulutsa asidi. Ambiri mwa mabakiteriyawa ndi a mtundu wa Lactococcus, womwe umakonda kutentha kwa m'nyumba, pakati pa madigiri 20 ndi 30. Apa ndi pomwe mabisi amasiyanirana ndi yogati, yemwe mabakiteriya ake amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 43 ndipo amamaliza ntchito m'maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Mabisi amatenga tsiku limodzi mpaka atatu. Asidi akachuluka, muyeso wa pH umatsika kuchoka pa 6.7 kufika pa 4.6, ndipo casein amalukana ngati ukonde wa maso aang'ono kwambiri. Madzi ndi mafuta zimakodwa mu ukondewo, mkaka n'kulimba.

Ukonde umenewu ndi wosachedwa kung'ambika. Mkaka ukasasa mothamanga pa malo otentha, kapena ukapitirira nthawi yake, kapena chigubu chikagwedezeka panjinga, ukondewo umakhwinyata n'kufinya madzi kunja. Madzi achikasu obiriwirako amenewa, omwe Azulu ndi Andebele amawatcha umlaza, ndi amene wogula wa pamsewu uja amadana nawo. Chodabwitsa n'chakuti madzi omwewo ndi amene ali ndi yankho pa nkhani yochulukitsa zomanga thupi.

Kumadambo a Kafue

Kuchokera pa Monze, msewu wina umalowera kumadzulo kudzera ku Bweengwa mpaka ku Namwala, m'mphepete mwa madambo a Kafue. Awa ndi madambo aakulu, a makilomita pafupifupi 6,500 m'bwalo lake lonse, omwe amasefukira chaka ndi chaka. Madamu a Kafue Gorge kumunsi ndi Itezhi-Tezhi kumtunda, omwe adamangidwa m'zaka za m'ma 1970, adasintha kayendedwe ka madziwa, komabe abusa a Chiila ndi Chitonga amatsatirabe nyengo zawo. Madzi akaphwa pakati pa chaka, amatsikira ndi ng'ombe kumadambo, ulendo womwe amautcha kuwila, ndipo amakhala m'misasa kwa miyezi ingapo mpaka mvula itabweranso. Ku Maala, m'boma la Namwala, Aila amachita mwambo wa Shimunenga pomwe magulu a ng'ombe amaonetsedwa kwa anthu ndi kuwolotsedwa pamadzi.

Ku misasa ya abusa kulibe thanki yoziziritsira ndipo kulibe galimoto ya kampani. Ng'ombe ya makolo imapereka malita awiri kapena atatu pa tsiku thole litayamwa, ndipo njira yosungira mkakawo ndi kuusasitsa basi. Kafukufuku amene akatswiri a University of Zambia ndi Wageningen University ya ku Netherlands adafalitsa m'chaka cha 2019 adapeza njira zisanu ndi ziwiri zokonzera mabisi m'dziko la Zambia. Yofala kwambiri ndi ya Chitonga: mkaka umasiyidwa kuti usase, kenaka umatakasidwa. Ya Chiila imaonjezera kukhutchumula chipanda mpaka mafuta ataundana n'kuchotsedwa. Ina ndi yothira mabisi a dzulo mu mkaka watsopano. Ziwiri mwa njirazi ndi zofunika kwambiri pa nkhani ya zomanga thupi. Yoyamba ndi ya mabisi olimba a Chitonga, pomwe madzi achikasu aja amakhetsedwa. Yachiwiri ndi ya Alozi a m'chigwa cha Barotse, kumadzulo kwa dzikolo, omwe amakhetsa madzi, n'kuthira mkaka watsopano, n'kubwereza zimenezi kwa masiku angapo mpaka mabisi atalimba kwambiri.

Masamu ake ndi osavuta. Malita 10 a mkaka ali ndi magalamu pafupifupi 330 a mapuloteni. Munthu akakhetsa malita anayi a madzi, mapuloteni amene amapita nawo ndi ochepa, chifukwa casein yense amatsala. M'malita asanu ndi limodzi otsalawo mumakhala magalamu pafupifupi 300, kutanthauza magalamu 5 pa magalamu 100 alionse m'malo mwa 3.3. Nzeru imeneyi si ya ku Zambia kokha. Ku Botswana madila amakonzedwa m'thumba lomwe limadontha madzi uku mkaka watsopano ukuwonjezeredwa. Labneh wa ku Lebanon, yogati wosefedwa wa ku Greece ndi skyr wa ku Iceland ndi ana a njira yomweyo, ndipo awiri omalizawa amafika magalamu 9 mpaka 11 a mapuloteni. Malamulo a zakudya a Codex Alimentarius, omwe mabungwe a FAO ndi WHO amayang'anira, amanena kuti mkaka wosasa uyenera kukhala ndi mapuloteni osachepera 2.7 pa 100, ndipo kuti utchedwe wokhetsedwa madzi uyenera kufika 5.6 pa 100.

Kulimba kokha sikukwanira

Mapuloteni akachuluka, vuto lina limabadwa. Ukonde uja umakhala wothinana, mabisi amasanduka chinthu chodya ndi supuni, ndipo nthawi zina amamveka ngati muli mchenga kapena choko pa lilime. Mwana amene wapatsidwa mabisi amibulu amalavula ngakhale akhale opatsa thanzi chotani. Amene akufuna kugulitsa chakumwa cha m'botolo ayenera kupeza malire pakati pa mkaka wamadzimadzi ndi phala.

Mafakitale ali ndi zida zawo. Amadutsitsa mkaka m'sefa ya maso aang'ono zedi, imene imalola madzi ndi shuga kudutsa koma imatsekereza mapuloteni, kapena amagwiritsa ntchito makina ozungulira mwaliwiro olekanitsa madzi mkaka utasasa kale. Ali ndi makina oswa mafuta a mu mkaka kukhala timadontho tosaoneka ndi maso, kuti asayandame pamwamba. Mkaka ukasasa amaukankha kudutsa pa kampata kopapatiza kuti timibulu tonse tiphwanyike. Amasankhanso mabakiteriya amene amatulutsa tinthu tonanda ngati therere, tomwe timagwira madzi ndi kupangitsa chakumwacho kutsetsereka bwino pakhosi. Ena amathira sitalichi kapena pectin wochokera m'makoko a zipatso.

Kopaletivi ya kumudzi singagule makina onsewa, koma mfundo zimene makinawo amatsata ingazikwanitse ndi mphika, nsalu, sefa ndi kachipangizo koyezera kutentha. Mfundo yaikulu pa zonse ndi moto. Mkaka ukatenthetsedwa kufika pa madigiri 85 kwa mphindi 30, kapena madigiri 90 mpaka 95 kwa mphindi zisanu, mapuloteni osungunuka aja amasintha kapangidwe n'kumamatira ku casein. Zotsatira zake ndi ziwiri. Ukonde umene umalukika umakhala wa maso aang'ono, wosalala ndi wogwira madzi bwino. Chachiwiri, pokhetsa madzi mapuloteniwo satayika, amatsala m'mabisi.

Moto ndi chitetezo

Pali chifukwa china chachikulu chotenthetsera mkaka. Kafukufuku wa madokotala a ziweto waonetsa kangapo kuti ng'ombe zina za m'madambo a Kafue, zomwe zimadya msipu pamodzi ndi nyama zakutchire zotchedwa lechwe za ku Lochinvar ndi ku Blue Lagoon, zili ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndiponso matenda a brucellosis, amene amachititsa ng'ombe kutaya bere. Matenda onse awiri amatha kulowa mwa munthu kudzera mu mkaka wosawiritsa. Asidi wa m'mabisi amafooketsa tizilombo tambiri toyambitsa matenda, koma sangadaliridwe kuti apha tonse. Kutenthetsa kwa madigiri 63 kwa mphindi 30, kapena madigiri 72 kwa masekondi 15, n'kokwanira kupha tizilomboti, kotero kuti amene wafika pa madigiri 85 pofuna kusalala wapezeratu ndi chitetezo chomwe.

Komatu mkaka umene wayamba kale kusasa sungatenthetsedwe, umaundana mumphika. Ichi ndi chifukwa chake chiganizo chokonza mabisi chiyenera kupangidwa madzulo ng'ombe zikangokamidwa, osati m'mawa chigubu chitakanidwa. Mkaka wa ng'ombe yotupa bere suyenera kulowa mumphika, ndipo wa ng'ombe imene yabayidwa mankhwala opha mabakiteriya uyenera kudikira masiku amene alembedwa pa botolo la mankhwalawo. Mankhwala otsalira mu mkaka amapha mabakiteriya osasitsa aja, mkaka n'kukana kulimba, komanso ndi oipa kwa womwa.

Moto umaphanso mabakiteriya abwino, choncho mkaka wotenthetsedwa umafuna mbewu. Mbewuyo ingakhale mabisi okoma a dzulo okonzedwa kuchokera ku mkaka wotenthetsedwa, mabisi a m'sitolo amene mabakiteriya ake akadali amoyo, kapena ufa wa mabakiteriya umene amagulitsa ogulitsa zipangizo za mkaka. Mbewu yobwerezedwa maulendo ambiri imafooka kapena kulowedwa ndi tizilombo tina, motero imafunika kusinthidwa nthawi ndi nthawi.

Kuchokera mumphika kufika m'botolo

Gulu limene lili ndi malita 10 a mkaka wa madzulo limayamba ndi kuusefa pa nsalu yowiritsa. Pofuna kuti usapserere, mphika wa mkaka umaikidwa m'kati mwa mphika waukulu wa madzi owira, ndipo mkakawo umatakasidwa mpaka nthawi itakwana. Ukatha apo umaziziritsidwa msanga, poika mphikawo m'beseni la madzi ozizira, mpaka utafika pa madigiri 22 mpaka 25. Umathiridwa m'chidebe cha pulasitiki yosungira chakudya kapena cha chitsulo chosachita dzimbiri. Ndowa za malata ndi miphika ya aluminiyamu si zabwino chifukwa asidi amazidya. Kapu imodzi ya mbewu, mamililita 200 mpaka 300, imakwanira malita 10. Chidebecho chimavundikiridwa n'kuikidwa pamthunzi, pomwe sichigwedezeka, kwa maola 16 mpaka 20. M'mwezi wa Okutobala, pomwe kunja kumatentha kwambiri, chidebe chimafunika kukutidwa ndi chiguduli chonyowa, popeza kusasa kothamanga kumabala mibulu. M'mwezi wa Juni chimafunika bulangeti.

Mabisi akalimba, ndipo asanayambe kuwawasa mopitirira, amathiridwa m'thumba la nsalu yoyera yowiritsa n'kupachikidwa pa malo ozizira, opanda ntchentche. Madzi a mkaka wotenthetsedwa amadontha pang'onopang'ono, choncho pamafunika kudekha. Wokonza amayeza madzi amene atuluka m'malo mongoganizira: malita atatu kapena anayi pa malita 10 amapereka mabisi olimba amene angathe kumwedwabe. Akapitirira apo, mabisiwo amakhala a supuni kapena odyera nsima. Zotsala m'thumbamo zimatakasidwa bwino ndi mthiko n'kudutsitsidwa pa sefa ya maso aang'ono, ndipo zikalimba kwambiri madzi ena aja amabwezeredwamo pang'ono. Mafuta asachotsedwe onse, chifukwa ndi amene amaphimba kukhakhala kwa mapuloteni pa lilime. Shuga kapena zipatso zophika monga mango ndi malambe zimathiridwa pa nthawi imeneyi, kenaka mabisiwo amaikidwa m'mabotolo oyera n'kuziziritsidwa. Mufiriji amakhala masabata awiri kapena kuposerapo, koma popanda firiji ayenera kugulitsidwa m'masiku awiri kapena atatu.

Pali njira ina kwa amene safuna kukhetsa madzi. Mkaka wa ufa wochotsedwa mafuta uli ndi mapuloteni pafupifupi 35 pa 100. Magalamu 40 a ufawu pa lita imodzi, osungunulidwa bwino mkaka usanatenthetsedwe, amakweza mapuloteni kufika pa magalamu 4.5. Vuto lake n'lakuti ufawu umachokera kunja kwa dziko ndipo ndi wokwera mtengo, komanso ukachuluka umamveka ngati choko.

Gulu liyeneranso kuwerengera bwino lisanayambe. Ngati malita 10 asanduka asanu ndi limodzi, lita imodzi ya mabisi olimba yadya mkaka wopitirira lita imodzi ndi theka, osawerengera nkhuni, mabotolo ndi ntchito. Mtengo wake uyenera kuonetsa zimenezi, ndipo ogula ayenera kufotokozeredwa chifukwa chake. Madzi okhetsedwawo si otaya. Muli shuga wa mu mkaka ndi michere ina, ndipo angaphikiridwe phala, kukandira ufa wa buledi ndi zitumbuwa, kapena kupatsidwa kwa nkhumba ndi mathole. Gulu lofuna kugulitsa m'masitolo liyenera kuonana ndi bungwe loona za miyezo, monga Zambia Bureau of Standards kapena Malawi Bureau of Standards, ndi akuluakulu a zaumoyo a m'boma lawo.

Kapu imodzi pa tsiku

Nkhaniyi siithera pa malonda. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko la Zambia anali opinimbira, ndipo ku Malawi kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza ana 37. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafuna magalamu pafupifupi 13 a mapuloteni pa tsiku, koma mimba yake ndi yaing'ono ndipo imadzaza msanga ndi phala la chimanga. Kapu ya mamililita 250 ya mabisi okhetsedwa madzi ili ndi magalamu opitirira 12, pomwe kapu yomweyo ya mkaka wamba ili ndi magalamu 8. Popeza mabakiteriya amadya gawo lina la shuga wa mu mkaka, ndipo wina amatuluka ndi madzi, anthu ambiri amene mkaka wosasasa umawatsegula m'mimba amamwa mabisi popanda vuto. Izi n'zothandiza kwa okalamba ndi odwala amene alibe chilakolako cha chakudya. Alangizi a zaumoyo ayenera kukumbutsa makolo kuti mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi amayamwa bere lokha, ndipo mabisi sangalowe m'malo mwa mkaka wa m'mawere.

Chaka cha 2024 chidaonetsa kufunika kwa luso limeneli. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema, yemwe kwawo ndi m'boma lomweli la Monze, adalengeza kuti chilala chasanduka ngozi yogwera dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atauma. Madzi adatsika m'nyanja ya Kariba, magetsi n'kumazima kwa maola ambiri pa tsiku. Thanki yoziziritsira mkaka ikakhala yopanda magetsi kapena dizilo wa jenereta imasanduka chidebe wamba. Mphika, nsalu ndi mbewu ya mabisi zimagwira ntchito ngakhale magetsi atazima, ndipo banja limene chimanga chake chapsa lingathe kusinthanitsa mabisi ndi ufa.

Alimi a mkaka a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu m'dziko la Malawi, okonza amasi ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndiponso abusa a Chiherero okonza omaere ku Namibia, onse amadziwa vuto la mkaka wa madzulo. Zimene makolo a ku Monze, Namwala ndi Barotse adatulukira pokhetsa madzi m'chipanda zimangofuna kuwonjezeredwa zinthu zitatu: moto woyezedwa, mbewu yodziwika ndi ukhondo wa ziwiya.

Dzuwa likamapendeka pa msewu wa Livingstone, ng'ombe zimayamba kubwerera m'makola, fumbi lili koboo, ndipo abusa amatsuka zidebe zokamira. Ogulitsa a m'mbali mwa msewu amasonkhanitsa mabotolo amene atsala. Kawirikawiri otsalawo ndi aja madzi adaima paokha, chifukwa osalala adatha kale basi za m'mawa zikudutsa. M'midzi yozungulira Monze mkaka wa madzulo ukukamidwa pa nthawi yomweyo, ndipo mtengo umene udzagulidwe nawo mawa ukudalira zimene mwini wake achite nawo usiku usanagwe.